Mbiri ya Cidindo ca Manambala

Owerenga athu akumbukira za Yezebeli, amene anatumiza akalata okhala ndi cidindo ca mfumu Ahabu. Akulu a mudzi anakhulupirira, ndipo Naboti anafa wosacimwa. Kuyambira kale lomwe, wolandira kalata afunsa ziwiri: waituma ndani, ndipo kodi sanaisinthe munthu panjira?

Pamene mabanki anayamba kutumizirana mau a ndalama pa kompyuta, mafunso omwewo anabweranso, pakuti phula la cidindo silimatika pa waya. M'caka ca 1977 boma la America linakhazikitsa DES, njira yobisira mau yocokera kwa amisiri a IBM, imene ilandira timanambala 64 ta 0 ndi 1 nthawi imodzi. Anzeru anaona kuti njira yomweyo ikhoza kudindanso. Kompyuta idula uthenga m'zigawo. Ibisa coyamba ndi cifungulo cacinsinsi, nisanganiza cotulukapo ndi caciwiri, nibisanso, kufikira comariza. Cotsala kumapeto ndico cidindo. Wolandira, pokhala naco cifungulo comweco, awerengera yekha. Ngati mbala yasintha nambala imodzi, zidindo sizilingana. Njirayi icedwa CBC-MAC, ndipo boma lomwelo linailemba m'malamulo ace mu 1985.

Koma munali mng'alu. Mu 1994 Bellare, Kilian ndi Rogaway anatsimikiza kuti njirayi iri yolimba pamene mauthenga onse alingana kutalika. Akasiyana, wonyenga woona mauthenga awiri odindidwa akhoza kuwalumikiza, nakonza pang'ono polumikizirapo, napeza wacitatu wokhala ndi cidindo coona, cifungulo osacidziwa. Mu 2000 Black ndi Rogaway anatseka mng'aluwo pakusamalira cigawo comariza mwapadera, koma anafuna zifungulo zitatu. Mu 2003 Iwata ndi Kurosawa a ku Japan anaonetsa kuti cimodzi cikwanira, ndipo mu 2005 njira yao inalandiridwa ndi dzina lakuti CMAC. Kawirikawiri igwira nchito pamodzi ndi AES, yolandira timanambala 128, imene inalowa m'malo mwa DES.

Tsono tiona kuti mng'alu wa m'masamu unatsekeka ndi masamu. Koma mlandu wa Naboti ukalipobe, pakuti cidindo ca Ahabu cinali coona ndithu. Dzanja locigwira ndilo linali lacilendo. CMAC icitira umboni kuti wodinda anali naco cifungulo; siidziwa ngati anacilandira moyenera kapena anaciba. Cifukwa cace wosunga cifungulo acisunge monga asunga dzina lace.