Masewero a mawu a tsiku ndi tsiku: kapangidwe kake kwa ophunzira chiyankhulo

Masewero a mawu a tsiku ndi tsiku ndi masewero a pa foni kapena pa kompyuta momwe wosewera amafufuza mawu amodzi obisika. Akawapeza, kapena akalephera, amadikira mpaka mawa. Onse osewera tsiku limenelo amalimbana ndi mawu omwewo. Mwambowu udachokera m'nyuzipepala: pa 21 Disembala 1913 nyuzipepala ya New York World idasindikiza mabokosi a mawu opingasana omwe adakonza Arthur Wynne, ndipo patapita zaka nyuzipepala zambiri zidayamba kusindikiza mabokosi otere tsiku lililonse.

Chitsanzo chotchuka cha makono ndi Wordle. Adawapanga ndi Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales yemwe amakhala ku Brooklyn, m'dziko la America. Poyamba adangopangira bwenzi lake, koma mu Okutobala 2021 adawaika poyera pa intaneti. Pa 1 Novembala chaka chomwecho osewera adali 90 okha. Pofika pa 2 Januwale 2022 adaposa 300,000, ndipo kumapeto kwa mweziwo kampani ya The New York Times idagula masewerowa pa mtengo wosachepera madola 1 miliyoni.

Malamulo ake ndi ochepa. Mawu obisikawo ali ndi malembo 5, ndipo wosewera amayesa ka 6. Lembo likakhala pamalo ake, bokosi lake limasanduka lobiriwira; likakhala kuti lilimo koma lili pamalo olakwika, limasanduka lachikasu; likakhala kuti mulibe, limasanduka lotuwa. Tiyerekeze kuti mawu obisika ndi "mvula" ndipo wosewera walemba "nyama". Lembo a lakumapeto likhala lobiriwira, m likhala lachikasu, pomwe n ndi y akhala otuwa. Nanga a wapakati? Nayenso ayenera kutuwa, chifukwa "mvula" ali ndi a mmodzi yekha ndipo wapezeka kale. Apa ndi pomwe opanga ongoyamba kumene amalakwitsa kawirikawiri, namanamiza wosewera kuti kwatsala a wina.

Mndandanda wa mawu

Kulemba pulogalamu yotere si ntchito yaikulu. Ntchito yeniyeni ili posankha mawu. Wordle idali ndi mindandanda iwiri: wina wa mawu pafupifupi 13,000 omwe wosewera amaloledwa kuyesa, ndi wina wa mawu 2,315 okha omwe akadatha kukhala yankho. Mndandanda waung'onowu udasefedwa ndi munthu, yemwe amachotsa mawu onse achilendo. Mawu 2,315 ndi okwanira zaka zoposa 6.

Kwa wophunzira chiyankhulo, sefayo iyenera kukhala yothina kuposa apo. Mwini chiyankhulo akaona malembo atatu obiriwira, mawu amabwera okha m'mutu. Wophunzira sangakumbukire mawu omwe sadawamvepo. Akakumana ndi yankho lachilendo masiku atatu otsatana, sanena kuti masewero ndi ovuta. Amanena kuti iyeyo ndiye mbuli, ndipo amasiya. Choncho mayankho ayenera kuchokera m'mawu a pakhomo, a kumsika ndi a m'kalasi, pomwe mndandanda wa mawu ololedwa ukhale wotakata, kuti wophunzira akalemba mawu enieni omwe adawamva kwa agogo ake, makina asamukanire. Kukanidwa kotere kumaphunzitsa bodza, kuti mawuwo kulibe. Mayankho 365 osankhidwa bwino ndi okwanira chaka chathunthu.

Pali msampha wina, wa mawu ofanana kwambiri. Wosewera akapeza m, w ndi a koyambirira, atsala ndi "mwana", "mwala", "mwayi", "mwazi" ndi "mwano", ndipo mwayi wake woyesa ukhoza kutha asadalakwitse kaganizidwe. Kwa katswiri izi zimakometsa masewero. Kwa wophunzira ndi bwino kupereka kachithunzi kapena chiganizo chothandiza akayesa katatu osapeza.

Chiyankhulo chilichonse ndi kapangidwe kake

Wordle itatchuka, anthu adaimasulira m'ziyankhulo zambiri, ndipo aliyense adakumana ndi vuto lakelake. Masewero a Chipwitikizi otchedwa Termo, mwachitsanzo, safuna kuti wosewera alembe timizere ta pamwamba pa malembo. Makina amaika okha.

Chichewa chili ndi mavuto ake. Mawu ake amathera ndi lembo la liwu, kutanthauza kuti bokosi lomaliza limangosankha pakati pa a, e, i, o ndi u. M'mawu a malembo 5, lembo lina la liwu limapezeka kawirikawiri pabokosi lachitatu, monga mu "khasu", "bwato" ndi "tsiku". Malembo q ndi x sagwira ntchito. Wosewera wozindikira izi amakhala atamaliza theka la ntchito asadayambe. Komabe kwa wophunzira kuzindikirako ndiko phunziro. Akalemba "njila" makina nakana, kenako "njira" nalola, wayamba kale kuona lamulo loti r amatsatira e ndi i, pomwe l amakhala m'malo enawo, monga mu "mvula" ndi "galu".

Funso lovuta ndi la malembo oyendera limodzi, monga ch, kh, ph, th, ny ndi ng'. Kodi "phiri" ali ndi mabokosi 5 kapena 4? Nanga "ng'ona", nkhodolero ilowe m'bokosi lakelake? Kuitaya sikungatheke, pakuti "mbale" yodyeramo si "m'bale" wobadwa naye. Njira imodzi ndi kupatsa ng' batani lakelake. Ina, yomwe ikuoneka yoyenera Chichewa kuposa zonse, ndi kusiya malembo n'kugwiritsa ntchito maphatikizo, monga momwe ana amaphunzirira kuwerenga m'sitandade 1. Pamenepo "nyumba" akhala mabokosi awiri, nyu ndi mba, ndipo "chimanga" atatu. Kuipa kwake n'koti maphatikizo ndi ochuluka kuposa malembo, kotero sangakwane onse pagalasi la foni. Wopanga ayenera kuonetsa ochepa okha a tsikulo.

Aneni nawo amafuna chigamulo. Mneni mmodzi wa Chichewa amabala mawu ambirimbiri: ndaphika, tiphike, adzaphika. Kulola onsewa kukhala mayankho n'kusokoneza wophunzira. Chapafupi ndi kutenga mneni wolamula, yemwe ndi mawu athunthu paokha: "phika", "lemba", "funsa", "gwira". Pa mayina, Wordle yoyambirira idapewa mayankho ochulukitsa pongowonjezera s. M'Chichewa kuchulukitsa kumachitika koyambirira kwa dzina, ndipo ndi kumene ophunzira amapunthwa kwambiri. Choncho kuika "munda" lero ndi "minda" sabata yamawa si kubwereza ayi.

Kalembedwe kamakwiyitsa anthu msanga. Mu Januwale 2022 yankho la Wordle lidali "favor", m'kalembedwe ka ku America, ndipo osewera a ku Britain, omwe amalemba mawuwa ndi u, adadandaula kwambiri. Ku Malawi timalemba "chaka" pomwe mabuku a Chinyanja a ku Zambia amalemba "caka". Ena amalemba "dzuŵa", ena "dzuwa". Wopanga asankhe kalembedwe kamodzi ka mayankho, anene poyera kuti ndi kati, koma alole kenako poyesa.

Masewero akatha

Wordle ikatha imangoonetsa yankho. Kwa wophunzira, mphindi imeneyi ndiyo yamtengo wapatali, chifukwa wakhala akulimbana ndi mawuwo ndipo ali ndi chidwi chodziwa kuti ndi chiyani. Apa payenera kuoneka tanthauzo, chiganizo chimodzi chachidule, ndi liwu la munthu akuwatchula. Liwulo n'lofunika m'Chichewa, momwe "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu amalembedwa mofanana koma amasiyana kakwezedwe ka mawu.

Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adaonetsa mu 1885 kuti munthu amaiwala msanga zomwe wangophunzira kumene, ndipo kubwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. N'chifukwa chake m'masewero a ophunzira, mawu a lero ayenera kudzabweranso, kaya m'chiganizo chothandiza cha mawa kapena ngati yankho patatha mwezi.

Chomwe chidafalitsa Wordle ndi timabokosi ta mitundu tomwe wosewera amatumizira anzake popanda kuulula yankho. Pa gulu la WhatsApp la kalasi, kapena la banja lomwe ana ake akukulira ku Johannesburg kapena ku London, timabokosito timayambitsa macheza. Pali zing'onozing'ono ziwiri zofunika kuzikumbukira. Anthu ena sasiyanitsa bwino mitundu, ndipo Wordle ili ndi batani losinthira ku mtundu wa lalanje ndi wabuluu. Chachiwiri, mayankho onse a Wordle yoyambirira adali m'kati mwa tsamba lomwelo, kotero odziwa makompyuta amatha kuwerenga mawu a mawa lero. Ubwino wake udali woti tsambalo likatseguka kamodzi silimadyanso data, chinthu chomwe wophunzira wogula bandulo ya tsiku limodzi sangachione mopepuka.