Mphoto ya za Madzi ya ku Stockholm ndi Anthu Amene Yawalemekeza

Mphoto yotchedwa Stockholm Water Prize idayamba kuperekedwa m'chaka cha 1991, pa nthawi imene mzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden, unkanyadira kuti madzi ozungulira zilumba zake, amene kale adali oipitsidwa ndi zonyansa zochokera m'nyumba za anthu, adayera mpaka anthu kumasambiramo ndi kuwedzamo nsomba pakati penipeni pa mzinda. Imaperekedwa chaka ndi chaka pa msonkhano wa akatswiri a za madzi wotchedwa World Water Week, ndipo Mfumu Carl XVI Gustaf ndiyo kawirikawiri yakhala ikuipereka m'manja mwa opambana. Mndandanda wa oilandira umaonetsa mmene maganizo a akatswiriwo akhala akusinthira pa nkhani ya ntchito yoyenera kulemekezedwa.

Woyamba kuilandira adali David Schindler wa ku Canada, amene m'chaka cha 1973 adagawa pakati nyanja ina yaing'ono ndi chinsalu cholimba, nathira kaboni ndi nayitrojeni mbali zonse ziwiri, koma fosiforasi, mchere wopezeka mu feteleza ndi mu sopo wochapira, adamuthira mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo idadzala ndere mpaka kubiriwira pamene inayo idakhalabe yoyera, ndipo umboniwu udathandiza kuti maboma akhazikitse malamulo ochepetsa fosiforasi mu sopo ndi m'madzi otayidwa.

Pasanapite zaka khumi, mphotoyi idatuluka m'gulu la asayansi ndi mainjiniya. Mu 1995 idapita ku bungwe la WaterAid, ndipo mu 2000 adailandira Kader Asmal, amene monga nduna ya za madzi m'boma la Nelson Mandela adatsogolera lamulo la 1998, lomwe lidathetsa mwayi umene eni minda ikuluikulu adali nawo pa mitsinje m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho, n'kulamula kuti madzi okwanira pa zosowa za munthu ndi pa moyo wa mtsinjewo azipatulidwa kaye wina aliyense asanagawiridwe.

Kusinthaku kudaonekera kwambiri mu 2013, pamene mphoto idapita kwa Peter Morgan, wasayansi wobadwira ku England amene adafufuzako za nsomba pa nyanja ya Chilwa asanakhazikike ku Zimbabwe. Ali ku Blair Research Laboratory m'zaka za m'ma 1970, Morgan adakonza chimbudzi chokumba chimene ku Zimbabwe amangochitcha kuti Blair. Nzeru yake yagona pa paipi imodzi yochokera m'dzenje n'kupitirira denga, yotsekedwa kumwamba ndi kasefa. Mphepo ikamawomba pakamwa pa paipiyo imakoka fungo kulitulutsira kumwamba, ndipo popeza m'kati mwa chimbudzi mumasiyidwa mwamdima, ntchentche zoswedwa m'dzenje zimalondola kuwala kwa m'paipi, kukagunda sefa ija, n'kufera momwemo osakatera pa chakudya cha ana. Iye yemweyo adakonzanso mtundu watsopano wa mjigo wa Bush Pump, umene boma la Zimbabwe lidausankha kukhala mjigo wa dziko lonse, komanso adalimbikitsa chimbudzi chosazama chimene chikadzaza amachikwirira n'kudzalapo mtengo wa zipatso. Kunali koyenera ndithu kuti ntchito yotere, imene anthu ophunzira ambiri amachita nayo manyazi kuitchula, iikidwe pa mlingo umodzi ndi kafukufuku wa m'mayunivesite akuluakulu.

Komabe mphoto zamtunduwu zili ndi chofooka chimene sichiyenera kubisidwa: zimatchula dzina limodzi pa ntchito yogwiridwa ndi anthu miyandamiyanda, ndipo oilandira ochokera mu Africa, kumene vuto la madzi abwino ndi lalikulu, akadali owerengeka. Chimbudzi cha Blair sichikadafalikira popanda amisiri omanga a m'midzi, alangizi a zaumoyo ndi mabanja amene adaumba okha njerwa, monganso mjigo sukhalitsa ngati komiti ya m'mudzi siitolera ndalama zogulira zipangizo zikatha. Morgan adakuzindikira kudalirana kumeneku, n'chifukwa chake adalongosola mamangidwe ake m'mabuku okhala ndi zithunzi ndi miyeso, monga Rural Water Supplies and Sanitation la mu 1990, kuti mmisiri wokhala ndi simenti, njerwa ndi paipi athe kumanga yekha popanda kudikira injiniya wochokera ku tauni.