Chibenthu cha Njerwa ya ku Mbombwe

Malemu bambo anga ankasunga chibenthu cha njerwa m'kathumba kansalu. Chinali chakuda mbali imodzi. Tsiku lina ndili mwana ndinachitenga kuti ndikagendere mbalame, ndipo anandilanda ndi ukali umene ndinali ndisanawaonepo nawo. Madzulo ake, titatha kudya, anandikhazika pamphasa n'kundiuza kumene chinachokera.

Tcherani khutu, adzukulu anga. Mu 1900 a John Chilembwe, atabwera kuchokera ku America kumene anakaphunzira ubusa ku Lynchburg, anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe, ku Chiradzulu. Iwo ndi anthu awo anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha, choonekera patali. Azungu a minda chinkawawawa mumtima: munthu wakuda kuimika nyumba yotere m'dziko la thangata! Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira, ndipo mmodzi wa azungu a minda aja, William Jervis Livingstone, anaphedwa ku Magomero. Asilikali a atsamunda atafika pa Mbombwe anachiphulitsa tchalitchicho, ndipo pa 3 Febuluwale a Chilembwe anawomberedwa. Bambo, amene nthawiyo anali kamnyamata koweta mbuzi, anatola chibenthucho fumbi litakhazikika.

Kwa zaka 11 pamalopo panangomera tsekera. Anthu ankadutsa osacheuka, dzina la Chilembwe n'kumalitchula monong'ona.

Amene anadzadzutsa bwinjalo ndi a Daniel Malikebu, mwana wa ku Chiradzulu komweko. Anatsatira mphunzitsi wawo Emma DeLany ku America, n'kuphunzira udokotala ku Meharry, mumzinda wa Nashville. Pobwerera kwawo boma linawatsekera khomo, mpaka anakadikirira ku Liberia. Mu 1926 ndi pamene analoledwa kutsegulanso mishoni, ali ndi akazi awo a Flora.

Bambo akafika pamenepa ankayankhula pang'onopang'ono. Pomanga tchalitchi chatsopano, amuna ankaponda dothi m'nkhuti n'kumalithira m'zikombole, azimayi ali pamzere ndi mitsuko ya madzi kumutu, usiku n'kumasinthana kusonkhezera mauvuni. Ankati masiku oyamba munthu ukamaumba njerwa, diso lina limakhala kumsewu, kuopa kuti asilikali atulukiranso. Komabe m'mawa uliwonse ankabwerera kunkhuti. Kwa ine kulimba mtima kumeneku sikuchepa poyerekeza ndi kwa amene ananyamula mikondo, ngakhale kuti maina a oumba njerwawo simungawamve pa wailesi.

Pofika 1933 tchalitchi chatsopano chinali chitaima. Sukulu inayambiranso, odwala ankabwera kwa dokotala, nyimbo zinamvekanso popanda mantha. Masiku ano pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira a Chilembwe, pa Mbombwe pamadzaza makwaya, mafumu, ana asukulu ndi atsogoleri a dziko, ngakhale a mipingo ina ndi Asilamu omwe.

Chibenthu chija chili m'sutikesi pansi pa bedi langa, m'kathumba komwe kaja. Mawa kukacha ndikuonetsani, koma muyambe mwasamba m'manja.