Nthenda Imene Mbiri Inaiphonya

Kwathu, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, wovula zovala pamsika timati ngwamisala, wogwa thovu lili kukamwa timati ali ndi khunyu. Koma mwana wosakhazikika m'kalasi, kapena mnyamata wongogona atafunda kumutu dzuŵa lili pamutu, tangompatsa maina aŵiri: waulesi kapena wolodzedwa. Ine ndikuona kuti mbiri ili ndi mlandu pamenepa.

Sukulu inafika msanga kwathu. Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba mishoni ya Mvera mu 1889, ndipo Robert Blake anayamba ya Kongwe mu 1894. Koma thandizo la odwala maganizo linafika mochedwa, ndiponso linadzera kundende. Mu 1910 atsamunda anatsegula malo osungirako amisala pandende ya Zomba, owayang'anira ali alonda a akaidi. Chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Cholinga poyamba chinali kutsekera osokoneza mtendere. Wovutika mwakachetechete panalibe womuŵerengera.

Kunja nako anachedwa. Mu 1902 dokotala George Still anafotokoza ku London za ana anzeru ndithu koma olephera kusunga maganizo pamodzi. Dzina lakuti attention deficit disorder linadzakhazikika ku America mu 1980, ndipo lero nthendayi imatchedwa ADHD. Tsopano nzodziŵika kuti ambiri amakula nayo.

Taganizani za wophunzira wotere. Kusekondale yogonera konko belu ndi aphunzitsi ndiwo ankamugaŵira nthaŵi. Kukoleji kulibe womudzutsa. Ntchito ziunjikana, tsiku lopereka lidutsa, mantha a kuwidedwa ayamba. Akakumbukira fodya amene makolo anagulitsa kuti iye aphunzire, manyazi amutseka pakamwa. Apo mpamene pamaloŵera kukhumudwa kosatha: tulo tisoŵa, nsima isakoma, ndipo maganizo abalalika kuposa kale. Nthenda ziŵirizi zimakokana ngati ng'ombe za pagoli limodzi.

Zonsezi zili ndi thandizo, lauphungu ndi lamankhwala, ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Chotsala nkusintha maso athu. Aphunzitsi athu, musanalembe ziro, tafunsani chimene chachitika. Anzanga, chitseko cha mnzathu chikatsekeka masiku atatu, tiyeni tikagogode. Kali kokha nkanyama, tili tiŵiri ntianthu.