Kutchinjiriza magombe a mitsinje

Iyi ndi ntchito yoletsa madzi kugumula nthaka m'mbali mwa mtsinje. M'madera a ku Mchinji monga Guilleme, kumtunda kwa mtsinje wa Bua, magombe amagumuka makamaka kaamba ka madimba olimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pokhota mtsinje, pomwe madzi amamenya mwamphamvu, amayalapo miyala, ikuluikulu pansi, kapena kuilonga m'makola a waya kuti isakokoloke. Koma miyala payokha siikhalitsa: madzi akafukula kunsi, imatitimira. N'chifukwa chake pamwamba pake amadzalapo vetiva, nsenjere, bango ndi nsungwi, kuti mizu igwire dothi, ndipo chakumtunda amadzalako katope ndi mikuyu. Matope okokoloka m'magombe ogumuka amakakwirira timiyala tomwe nsomba za mpasa zimaikirapo mazira kumunsi kwa Bua, ku Nkhotakota.