Mliri wa mu Gemu Unabwera ndi Chiweto

Kuno ku Riverside, m'nyumba zogona ana a sukulu zimene zazungulira CBU, magetsi akathima anthu amatuluka panja n'kuyamba kucheza. Madzulo ena ndinakhala ndi anyamata atatu ophunzira za makompyuta amene akufuna kupanga gemu yawoyawo, yoti anthu ambiri azisewera limodzi pa intaneti. Malo ake ndi tauni ya migodi yofanana ndi Kitwe, yokhala ndi msika, siteshoni ya mabasi ndi mtsinje m'mbali. M'tauniyo akufuna kuikamo matenda onga chiwewe: wosewera akalumidwa apenge, athamangitse anzake, awalume, nawonso apenge. Mmodzi ankati munthu azisintha pakatha masekondi khumi. Wina ankati ayi, pazitha mphindi imodzi. Anakangana mpaka magetsi anabwera, ndipo m'mkangano wonsewo palibe amene anatchula galu.

Ndinawafotokozera nkhani ya 2005, ndipo ndaona kuti ndiilembe pano, chifukwa ambiri amene tikusewera PUBG ndi Free Fire pafoni lero tinali makanda pamene inkachitika.

Gemu ya World of Warcraft, ya kampani ya Blizzard ya ku America, inatuluka kumapeto kwa 2004, ndipo pofika chaka chotsatira anthu mamiliyoni ankaisewera. Pa 13 Sepitembala 2005 kampaniyo inatsegula malo atsopano omenyeramo nkhondo otchedwa Zul'Gurub. Ankalowamo anthu 20 nthawi imodzi, onse akatswiri amene anafika pa levelo 60, yomwe inali yomaliza panthawiyo. Mdani wamkulu wa kumapeto anali Hakkar, chinjoka chamapiko, ndipo chida chake china chinali matenda otchedwa Corrupted Blood, kutanthauza magazi oipitsidwa. Akakugwira, mphamvu zako zinkatsika pang'onopang'ono kwa masekondi angapo, ndipo aliyense woima pafupi nawe ankawatenga. Opanga gemu ankangofuna kuti osewera asaunjikane malo amodzi pomenya Hakkar. Kwa katswiri matendawa anali ngati chimfine, ndipo ankayenera kuthera komweko m'kati mwa Zul'Gurub.

Anaiwala ziweto. M'gemuyi osewera ena ndi alenje, ndipo amayenda ndi nyama zowathandiza pankhondo, monga mimbulu, zimbalangondo ndi amphaka akuluakulu. Ena amaitana ziwanda. Mlenje akaona kuti nyama yake yatsala pang'ono kufa amatha kuichotsa pabwalo, ndipo gemu imaisunga mmene ilili mpaka adzaiitanenso. Zinapezeka kuti inkaisunga pamodzi ndi matenda ake. Nkhondo ikatha, munthu ankabwerera kutauni ali bwinobwino, n'kupita kubanki kapena kumsika kumene anthu ali pikitipikiti, n'kuitana chiweto chake. Taganizani munthu akumasula galu wachiwewe pakati pa Chisokone Loweruka m'mawa.

Mizinda ikuluikulu ya m'gemuyo, Ironforge ndi Orgrimmar, inadzaza mafupa. Osewera atsopano, amene mphamvu zawo zinali zochepa, ankagwa m'masekondi ochepa osadziwa n'komwe chawapha. Choipa kwambiri chinali chakuti anthu oyendetsedwa ndi kompyuta, monga alonda ndi ogulitsa malonda, nawonso ankatenga matendawo koma osafa. Ankangoima pamalo awo a masiku onse, akuoneka athanzi, n'kumapatsira aliyense wobwera kudzagula. Munthu ukafa m'gemuyi umadzukanso, choncho ambiri ankadzuka, n'kubwerera pomwe anafera, n'kutenganso.

Chimene chinachititsa kuti nkhaniyi ikumbukiridwe ndi zimene anthu anachita. Ena anathawira kuthengo, mizinda n'kutsala mabwinja. Osewera odziwa kuchiritsa anathamangira m'tauni kukathandiza, koma pochiritsa wodwala ankangomutalikitsira moyo kuti apatsire anthu ochuluka, ndipo iwo eni ankatenga matendawo n'kupita nawo kwina. Ena ankaima panjira n'kumachenjeza obwera kuti abwerere. Panali obwera kudzaonerera chabe, atamva kuti kutauni kwagwa zachilendo, ndipo ankachoka atanyamula. Panalinso ofalitsa dala, amene ankabwerera kwa Hakkar kukatenga matenda n'kuwapititsa kumene sanafike, kungoti aseke. Blizzard inapempha odwala kuti adzipatule, koma anamvera ndi ochepa. Inazimitsa maseva n'kuwayatsanso, koma wina ankangoitana chiweto chake mliri n'kuyambiranso. Zinatha kuchiyambi kwa Okutobala, pamene kampaniyo inasintha malamulo a gemu kuti ziweto zisamatenge matendawo.

Akatswiri a miliri anaiona nkhaniyi. M'chaka cha 2007 Ran Balicer wa ku Israel analemba za iyo m'magazini ya Epidemiology, ndipo Eric Lofgren ndi Nina Fefferman analemba mu The Lancet Infectious Diseases. Mfundo yawo inali yakuti masamu olosera za mliri nthawi zambiri amaganiza kuti anthu adzachita zanzeru, pamene gemuyi inaonetsa anthu enieni akuchita zimene anthu amachita: wofuna kuona ndi maso ake, wokana kudzipatula, wothandiza amene akuonjezera vuto. Ine sindifuna kukokomeza. Imfa ya m'gemu ndi yotchipa, ndipo munthu amene akudziwa kuti adzukanso salimba mtima mofanana ndi mayi amene mwana wake akutsegula m'mimba. Komabe amene tinaona COVID-19 ikulowa m'Zambia mu Malichi 2020, ndi kolera imene inachititsa kuti Heroes Stadium isanduke chipatala kuchiyambi kwa 2024, anthu onsewa tikuwadziwa. Ena ndi achibale athu.

Blizzard inadzayesa kuchita dala zimene poyamba zinachitika mwangozi. Mu Okutobala 2008, pokonzekera kutulutsa gawo latsopano la Wrath of the Lich King, inamwaza mabokosi okhala ndi matenda osandutsa wosewera kukhala zombi. Poyamba wodwala anali ndi mphindi khumi zoti apeze womuchiritsa, ndipo ochiritsa anali ambiri m'mizinda. Masiku akupita, nthawiyo inafupikitsidwa ndipo ochiritsa anachepetsedwa, mpaka mizinda inagwa. Ena anasangalala kwambiri. Ena anakwiya, chifukwa munthu wabwera kuntchito, walipira ndalama zake za pamwezi, akufuna kungogula zida kumsika, koma ogulitsa onse afa. Pasanathe sabata mwambowo unatsekedwa. Wopanga gemu aliyense angaphunzire apa kuti mliri wa m'gemu umayendetsedwa ndi zinthu ziwiri, nthawi imene matenda amabisala ndi mtunda wopita kumene kuli mankhwala, ndiponso kuti wosewera amene sanafune nawo mliriwo ndiye amayamba kuchoka.

Nanga chiwewe chikulowa pati? Magemu ambiri a mazombi amabwereka dzina lake. Mu Left 4 Dead, ya 2008, anthu othamangitsa osewera si akufa odzuka kumanda ayi, ndi amoyo amene agwidwa ndi matenda ofanizidwa ndi chiwewe. Mu Dying Light, ya 2015, kachilombo ka mumzinda wa Harran akuti kanachokera ku chiwewe chimene chinasintha. (Ndondocha za m'nkhani za agogo athu ndi zina. Izo zimagwira ntchito m'munda wa mfiti, siziluma munthu.) Magemuwa anatenga thovu la kukamwa, ukali ndi mano, n'kusiya zonse zimene zimachititsa chiwewe kukhala choopsa.

Chiwewe chenicheni sichithamanga. Kachilomboka kamalowa ndi malovu pabala, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanadwale, ngakhale nthawi zina ndi sabata imodzi, nthawi zina chaka. Bala likakhala kumaso kapena pakhosi ulendowo umafupika, n'chifukwa chake ana aang'ono ali pangozi yaikulu. Nthawi yonseyo bala lapola, mwana akupita kusukulu, za galu uja aliyense waiwala. Zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi, kusokonezeka mutu ndi kufa ziwalo, pafupifupi palibe amene amachira. Ndipo munthu kuluma mnzake n'kumupatsira, komwe ndi maziko a magemu onsewa, sikunatsimikizidwepo ndi madokotala. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 100 otenga matendawa mpaka 99 amawatenga kwa galu.

N'chifukwa chake ine ndimati mliri wangozi wa 2005 unafanana ndi chiwewe kuposa magemu amene anakhalira pansi kuchitsanzira. Matenda anabisala m'nyama imene mwiniwake amaikonda, analowa m'tauni mwakachetechete, ndipo sanathe mpaka anthu anayang'ana kwa nyamayo.

Makolo athu anazindikira zimenezi kalekale, kungoti analibe chida. Mu 1901, chiwewe chitavuta ku Barotseland, Litunga Lewanika analamula kuti agalu a m'deralo aphedwe. Asayansi anadzatsimikizira kuti matendawa alidi m'dziko lino mu 1913. Kuyambira nthawi ya atsamunda njira yozolowereka inakhala yolamula kuti agalu amangidwe, opezeka akuyendayenda n'kuomberedwa. Kuipa kwa njirayi n'kofanana ndi kuzimitsa seva: agalu amaswana msanga, anthu amabisa awo kapena kukatenga ena kwina, ndipo pakapita nthawi yochepa mudzi wadzazanso agalu opanda chitetezo. Katemera wa anthu analipo kale, popeza Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, ku Paris mu Julayi 1885. Koma kubaya munthu wolumidwa kumapulumutsa iye yekha, galu wina n'kukaluma wina mawa. Chimene chimadula unyolo ndi kubaya agalu osachepera 70 pa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka.

Umboni uli pafupi, kwa anansi athu. M'chaka chomwecho cha 2007 chimene akatswiri ankalemba za Hakkar, Dr Mac Mallewa ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anali ndi chiwewe. Pa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu anapezeka kuti chinali chiwewe. Chinabisala ngakhale kwa madokotala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaulimi ndi ziweto a ku Malawi, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito, ena pamalo oikidwa, ena khomo ndi khomo. M'zaka zotsatira ana obwera ndi chiwewe pa chipatalacho anachepa kwambiri.

Nditafika apa mmodzi wa anyamata aja anandidula. "Ba mudala, ndiye mukutiuza kuti tipange gemu yobaya agalu? Ndani angaisewere?"

Ndinamuyankha kuti sakuyenera kuchotsa mantha, angowasamutsa. Wosewera aliyense akhale ndi galu amene amamuthandizadi, wolondera katundu wake ndi kununkhiza adani, kuti kumutaya kuzimupweteka. Agaluwo azikumana usiku eni ake asakuona. Wolumidwa asauzidwe ngati watenga kapena ayi. Akatsuka bala nthawi yomweyo, monga mmene madokotala amanenera kuti titsuke ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, ngozi ichepe koma isatheretu. Katemera akhale kutsidya kwa mtsinje, ochepa, ndipo ulendo wokamutenga uzimulanda nthawi imene anzake akupeza ndalama. Akazengereza mpaka zizindikiro zioneke, pasakhalenso chomupulumutsa. Kenako timu ipatsidwe chisankho cha Lewanika: kupha agalu onse lero n'kukhala opanda mlonda, kapena kusonkha ndalama zobaya agalu a aliyense, kuphatikizapo a timu imene akumenyana nayo, poti galu sadziwa malire.

Wachiwiri, amene anali chete nthawi yonseyi, anakweza thalauza n'kutionetsa chipsera pakatumba. Anati galu wa oyandikana nawo anamuluma ali giredi 4, ndipo agogo ake anawotcha ubweya wa galuyo n'kupaka phulusa pabalapo, monga ambirife tinamvera kuti ndiwo mankhwala. Kuchipatala sanapite. Galuyo anakhala zaka zina zambiri, ndiye kuti analibe chiwewe, koma iye anati mpaka madzulo amenewo sanaganizepo kuti banja lake linachita juga.

Mkangano wawo tsopano wasintha. Za masekondi khumi anazisiya. Chimene sakugwirizana n'chakuti miyezi iwiri ya chiwewe aipanikiza bwanji m'masewera a mphindi 20, ndiponso ngati galu wodwala azioneka kuti akudwala kwa mwiniwake yekha, kwa osewera ena okha, kapena kwa wina aliyense ayi mpaka atayamba kuluma.