Mbiri ya Fodya ndi Misonkho Yace: Kucokera pa Kaliwo Kufikira pa Ndudu ya Magetsi

Masabata apitawo mnyamata wina wa kwathu kuno, amene agwira nchito ku Johannesburg, anatsika pa Golomoti kudzaona makolo ace. Madzulo, anthu atakhala pabwalo, iye anaturutsa m'thumba kanthu konga colembera, nakaika pakamwa, nakoka mpweya, ndipo m'mphuno mwace munaturuka utsi woyera wonunkhira ngati mango. Moto panalibe, phulusa panalibe. Ana anaseka, amai anagwira pakamwa, koma nkhalamba ina, imene ana ace awiri ali pa utenanti ku Kasungu, inakhala cete nthawi, ndipo potsiriza inati, "Mwana wanga, ngati azungu aleka kutentha tsamba, nanga fodya amene alikulima ana anga adzagula ndani?" Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo tifuna kuliyankha pano, owerenga athu, pobwerera ku mbiri, pakuti si koyamba kuti mau onenedwa kutsidya kwa nyanja asinthe zimene ziri m'nkhokwe zathu.

Fodya si mbeu ya makolo athu oyamba ai. Kwao kweni kweni ndi ku America, ndipo anamwazika m'maiko ndi zombo za Apwitikizi ndi anzao zaka zoposa 400 zapitazo. Kuyambira paciyambi mafumu anamuda fodya pakamwa, namkonda m'thumba. M'caka ca 1604 Mfumu James I ya ku England inalemba kabuku konyoza fodya, ndipo caka comweco inakweza msonkho wace kwambiri. Koma anthu sanaleke kusuta, ndipo ndarama zinalowa mosungira cuma ca mfumu. Mucisunge cimeneci, cifukwa tidzakomana naco kawiri kawiri.

Kuno kwathu fodya analowa m'midzi popanda lamulo ndi popanda msonkho. David Livingstone pofika ku Shire m'caka ca 1859 anapeza Amang'anja alikulima thonje ndi fodya. Makolo athu a m'mbali mwa Nadzipokwe ndi Livulezi anali kubzala mitengo yowerengeka pa culu kapena pamalo pamene panali khola, naumitsa masamba, nawapota kukhala cingambwe, kapena kuwapera kuti akhale wonunkhiza wosunga m'kansupa. Fodya anali wa kaliwo wa nkhalamba, wopatsa mlendo, wosinthana ndi nsomba kunyanja. Wolima ndiye anali mwini mtengo wace.

Zinthu zinasintha pamene linadza Boma la Angerezi m'caka ca 1891. Harry Johnston anaika msonkho wa nyumba, umene m'caka ca 1894 unali mashileni 3. Ndipo poyamba pa zaka za 1900 unakwera kufika mashileni 6, koma munthu wogwira nchito kwa mzungu mwezi umodzi anali kulipira theka lace. Pamene ansembe oyamba anamanga misasa pa Mua m'caka ca 1902, amuna a dziko lino anali atayamba kale kufunafuna shileni. Nthawi yomweyo John Buchanan anali atayesa kale kubzala fodya wa mtundu wa Virginia ku mapiri a kumwera, ndipo m'caka ca 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yace ku Limbe. Cotero msonkho unakankha anthu kumka ku minda ya azungu, ndipo fodya anawalandira. Dzina la kampaniyo mulisungenso.

Tsono onani mphamvu ya colembera ca munthu wokhala kutali. M'caka ca 1919 Boma la ku London linalamula kuti fodya wocokera m'maiko a ufumu wace alipire msonkho wocepa kuposa wa ku America, ndipo m'caka ca 1925 linacepsanso. Pomwepo fodya wa Nyasaland anakhala wa malonda. A. F. Barron ndi R. W. Wallace, amene anatsegula munda pa Mbabzi pafupi ndi Lilongwe m'caka ca 1920, anagawira anthu mbeu ya fodya wa cikopa, ndipo alimi amene anali mazana owerengeka m'caka ca 1923 anapitirira 30,000 pofika m'caka ca 1926. Anthu anagula njinga, nsaru ndi ng'ombe. Panalibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene anaona nyumba ya malamulo ya ku London, koma mau a m'nyumba imeneyo ndiwo anamanga zigafa za ku Lilongwe ndi ku Dowa.

Pamene pacuruka ndarama lamulo silicedwa. M'caka ca 1926 Boma linakhazika bungwe la Native Tobacco Board, lakuti lilembe maina a alimi, liike misika, ndi kudula msonkho pa fodya ali yense wogulitsidwa. Caka cotsatira, ca 1927, fodya anacuruka kuposa ogula, ndipo mtengo unagwa. M'zaka za 1930 bungwelo linakweza msonkho wace, linatseka misika yambiri, nafafaniza maina a alimi ena, mwakuti munthu anali kusenza mtolo ulendo wautali, nakaulandirira makobiri ocepa. M'caka ca 1937 alimi a ku Lilongwe anawukira cifukwa ca mitengo, ndipo m'caka ca 1938 okushoni inatsegulidwa ku Limbe. Ife a kunsi kwa mapiri a Dedza, amene njanje inatipeza m'caka ca 1935 pa ulendo wace wa ku Salima, mbeu yathu ya ndarama inali thonje, pakuti kuno nkotentha. Koma phunziro lace linali lomwelo, kuti mtengo unali kuikidwa ndi ena, ndipo amuna athu ambiri anamka kukagwira nchito m'minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia.

Ufulu wa 1964 sunathetse mwambo umenewu. M'caka ca 1971 kunabadwa ADMARC, imene inali kugula mbeu za alimi ang'ono pa mtengo woikidwa ndi Boma. Ndipo lamulo la mbeu zapadera linapatula fodya wa bale kukhala wa maesiteti okha, kufikira m'caka ca 1990 pamene alimi a m'midzi analoledwa kumlima. M'zaka zimenezo ndimo munacuruka utenanti, umene unatenga mabanja a ku Mtakataka ndi a madera ena kumka ku Kasungu ndi ku Mchinji. Kufikira lero fodya abweretsa pafupi theka la ndarama zimene dziko lathu lipeza kunja, ndizo zimene zigula feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'cipatala. Cifukwa cace ngakhale iye amene salima fodya, fodya amkhudza.

Koma pamene ife tinali kuonjeza minda, madokotala a kutsidya anali kuwerenga maliro. M'caka ca 1950 Richard Doll ndi Bradford Hill a ku London anaonetsa kuti kusuta ndudu kubala khansa ya m'mapapo. Maboma anayamba kulemba macenjezo pa mapaketi, kuletsa kusuta m'nyumba za anthu onse, ndi kukweza misonkho. M'caka ca 2003 maiko a m'bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, anagwirizana pangano la kucepsa fodya. Dziko lathu linazengereza zaka 20, koma linalowamo m'caka ca 2023.

M'caka comweco ca 2003, ku China, katswiri wa mankhwala dzina lace Hon Lik, amene anali wosuta kwambiri, ndipo atate wace anafa ndi khansa ya m'mapapo, anapanga kanthu kaja tinakaona pabwalo. Kapangidwe kace nkotere: mkati muli batire, kawaya, ndi madzi osakaniza ndi cikonga ndi zonunkhiritsa. Munthu akakoka mpweya, batire itenthetsa kawaya, madzi asanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ilowa m'cifuwa. Tsamba silipsa, cikonga cokha, cimene cimanga munthu ku fodya, ndico citengedwa. Malonda ace anayamba m'caka ca 2004, ndipo ndudu zambiri zotere zipangidwa mu mzinda wa Shenzhen. M'caka ca 2013 umwini wa luso la Hon Lik unagulidwa pa madola 75 miliyoni, ndipo wogula anali nthambi ya Imperial Tobacco, kampani yomwe ija ya ku Limbe. Eni malonda anaona kale kumene mphepo ilikulowera.

Maboma sanamvane za mlendo ameneyu, ndipo atsata njira zosiyana. Ena anamtsekera khomo: Brazil analetsa kugulitsa m'caka ca 2009, Uganda m'caka ca 2015, India m'caka ca 2019, koma kumene kuli ofuna, ozembetsa sasowa. Ena anacita monga Mfumu James, namdula msonkho: Kenya anayamba m'caka ca 2015, ndipo South Africa kuyambira June 2023 anaika R2.90 pa mililita ili yonse ya madziwo, ndiko kunena kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kanalipira R14.50. Britain anati nthunzi iononga pang'ono poyerekeza ndi utsi, nalimbikitsa akuru osuta kale kusinthira kumeneko, koma analetsa kugulitsa kwa osafika zaka 18. Ngakhale anatero, ana a sukulu anakokedwa ndi pfungo la zipatso ndi kucipa kwa ndudu zotaya zikatha, kotero kuti pa 1 June 2025 zotayazo zinaletsedwa. Ndipo Boma lao linalengeza m'caka ca 2024 msonkho wa £2.20 pa mamililita 10 woyamba m'October 2026. Australia kuyambira July 2024 analola kugulitsa m'masitolo a mankhwala okha. M'caka ca 2023 a WHO anawerenga maiko 34 oletsa, ndi maiko 74 opanda lamulo liri lonse.

Nanga msika uli bwanji? A WHO ananena m'caka ca 2025 kuti okoka nthunzi apitirira 100 miliyoni, ndipo mwa iwo ana a zaka 13 kufikira 15 sacepera 15 miliyoni. Ananenanso kuti ogwiritsa fodya anatsika kucokera pa 1.38 biliyoni m'caka ca 2000 kufika pa 1.2 biliyoni m'caka ca 2024, cinkana anthu pa dziko anacuruka. Kampani ya Philip Morris International, imene ipanga ndudu za Marlboro, inanena poyera m'caka ca 2016 kuti ifuna tsiku lina kudzaleka kugulitsa ndudu zoyatsa.

Tsopano tiyankhe nkhalamba ija. Tinene zoona: ogula sanathawe, ndipo m'caka ca 2024 fodya wathu anagulidwa bwino, nabweretsa madola oposa 390 miliyoni. Osuta akali ambiri, ndipo sadzatha mawa. Koma tikumbukire kuti caka ca 1926 cinali cokoma, ndipo 1927 anali pakhomo. Fodya wathu wa bale afunika cifukwa ca tsamba lace, limene alisakaniza ndi masamba ena m'ndudu yoyatsa. Ndudu ya magetsi sifunsa ngati tsamba liri lofewa kapena la maonekedwe abwino. Ifuna cikonga cokha, cimene acifinya m'fodya ali yense, ndipo akatswiri adziwa kucipanga m'fakitale popanda munda. Cotero tsiku limene maboma a kutali adzalemetsa msonkho pa utsi ndi kuupepuza pa nthunzi, mtengo wa pa okushoni ya Kanengo udzamva, monga unamvera mau a ku London m'zaka za makolo athu. Ndipo woyamba kulira adzakhala tenanti, amene alandira zotsala mwini munda atacotsa ngongole ya cimanga.

Pali mbali yaciwiri, ndiyo ya ana athu. Kale mwana wosuta anali kugwidwa ndi pfungo la m'zobvala. Lero kanthu konunkhira ngati siwiti kabisika m'thumba la yunifomu. Madokotala atsutsana za kukula kwa coipa ca nthunzi poyerekeza ndi utsi, koma pa ici agwirizana onse: cikonga cimanga msanga ubongo wa mwana, ndipo amene sanasutepo alibe cifukwa ca kuyamba. Cikadzakhala comvetsa cisoni ngati dziko limene lalimira ena fodya zaka zoposa 100 lidzataya msika wa tsamba lace, ndi kuyamba kugula cikonga ca m'botolo ca ana ace.

Nanga ticite ciani, ife a m'midzi? Coyamba, tileke kunena kuti za kutsidya siziri zathu. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Caciwiri, makolo ndi aphunzitsi akadziwe kanthu kameneka ndi maso, nalankhule ndi ana asanakomane nako pa sitolo. Cacitatu, pamene aphungu athu adzakambirana za malamulo ndi misonkho ya fodya, tiwafunse kudzera m'mafumu ndi m'mabungwe a alimi kuti gawo la mlimi ndi la mwana wa sukulu liri pati. Pakuti m'caka ca 1926 makolo athu sanafunsidwe, koma ife tiri ndi pakamwa ndi voti. Cacinai, tisamale zimene dziko lathu lotentha lino libala: mpunga wa m'cigwa ca Bwanje, mtedza, nandolo, thonje, mbuzi ndi nsomba. Banja limene liri ndi mpunga m'nkhokwe litha kudikira mtengo. Limene lidalira mbeu yosadyeka silitha.

Makolo athu, amene anali kununkhiza fodya wao pabwalo popanda msonkho, anatisiyira mau akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mtengo wa ku okushoni ndi fodya wa pacala. Tiyeni tiuze ana athu amene ali ku Kasungu kuti asaiwale munda wa kwao.